Injini Yatsopano mu Ndege ya Chitedze

Musayankhe kuti "tili tonse", chifukwa simunalipo. Ndinalipo ndine, ndipo mpaka lero ndikaikumbuka nkhaniyi m'kamwa mumandiwawa ngati ndatafuna ndulu. Mwandisokosera tsiku lonse kuti m'bale wanu Tiyamike wakwera ndege kupita ku Joni, ngati kuti wapita kukaonana ndi angelo. Ndege ine ndinalimbirana nayo mwamuna zaka makumi awiri ndi zisanu. Khalani pansi, ndipo manjawo asaime, nandoloyu sadzisenda yekha.

Agogo anu aamuna, a Jailosi Makwiti, ankagwira ntchito pa esiteti ya tiyi kuseri kwa phiri uko. Mwini esitetiyo anali mzungu wina amene tinkamutcha Chitedze, chifukwa ukayandikana naye unkachoka ukudzikanda. Chitedzeyo anali ndi kandege kachikasu ka mipando iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo. Musaganize za chitsulo chonyezimira ayi. Nsalu! Nsalu yopaka utoto, yokutira timafupa ta zitsulo. Mbuzi yanjala ikanakadya.

Kandegeko kanalibe kiyi wolizira ngati galimoto. Pamphuno pake panali chithabwa chopalidwa bwino, amuna ankati pulopela, ine ndinkati mthiko. Kuti injini idzuke, pankafunika munthu aime kutsogolo, agwire mthikowo, aukokere pansi ndi mphamvu zonse, n'kudumphira kumbuyo usanamudye. Munthu ameneyo anali agogo anu. Ankakuwa kuti "Kontaki!" Chitedze m'katimo n'kuyankha kuti "Kontaki!" Kenako phu phu phu, utsi tolo. Ntchito yake inali yomweyo basi. Koma mmene ankayendera m'mudzi muno, mapewa m'mwamba, mukanati amaiulutsa ndi iwo.

Ankabwera kunyumba akununkha oyilo wopserera, fungo lolowa mpaka m'ndiwo. Chitenje changa chatsopano, chimene ndinagula ndi thukuta langa la m'dimba, anaching'amba pakati kuti akapukutire mthiko. Tsiku limene ndinkabereka malume anu a Fanuwelo, ine ndili chigonere m'magazi, iwo anali kubwalo la ndege akusoka phiko. Atabwera sanafunse n'komwe kuti ndi mwana wanji. Anati, "Amayi, singano yaikulu ija munaiika pati?"

Ndiye Loweruka lina la chiperoni, udzu uli noninoni, anakoka mthiko phazi n'kuterereka. Unawatenga paphewa lamanja. Mkono anakautola m'tiyi. Anatsirizika pa thirakitala asanafike kuchipatala. Chitedze anatumiza matabwa a bokosi ndi paketi ya tiyi, wa fumbi uja wosesa pansi. Kandegeko anakatsuka ndi paipi, kukakankhira m'shedi, loko khethe. Sanaulukenso, anali atakalamba kale.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa sindibwereza. Pa esiteti paja munthu aliyense anali ndi kachitsulo ka nambala yake. Ukamasiya ntchito, kaya wakalamba kaya wachotsedwa, unkaima pamaso pa bwana, n'kubweza kachitsuloko, bwana n'kunena kuti, "Ntchito yako yatha, pita bwino." Munthu akamwalira, abale ankakabweza, bwana n'kunena mawu omwewo. Ine sindinabweze. Posambitsa mtembo alongo awo anatulutsa jekete, ine ndinati, "Ayi. Avekeni ovolosi yawoyo. Ndi imene anakwatira." Kachitsulo kanali m'thumba la pachifuwa. Ndinkadziwa kuti kali mmenemo. Musandiyang'ane choncho, inu simunagonepo ndi mwamuna wolota mapiko.

Chitatha chaka akwawo anandisudzula bwinobwino monga mwa mwambo. Ndinakhala zaka khumi, zisanu ndi zinayi mumtendere. Nyumba yanga inkanunkha sopo.

Kenaka Chitedze anafa, esiteti n'kugwera mdzukulu wake Kolini. Ameneyo anabadwira konkuno, Chichewa amalankhula kuposa ena a inu a m'tauni. Tsiku lina anatsegula shedi ija, mtima n'kumugwira. Akuti ndege ya agogo ake iulukenso. Koma injini yakale akuti inali yofooka, kuti idutse phiri inkachita kupuma ngati nkhalamba. Ndiye anaitanitsa ina kunja, inabwera m'chibokosi cha matabwa pa lole. Yamphamvu, ya batire, yokhala ndi chimene amati sitata: ungodina kabatani, yokha n'kudzuka. Katswiri wina wa ku Chileka ankabwera Lachiwiri lililonse kudzaona ntchito, koma wogwira sipanala tsiku ndi tsiku anali ndani? Makaniko wamkulu wa pa galaja ya esiteti. Fanuwelo. Mwana wanga mmodzi yekha wamwamuna.

Ndinamuitanitsa. Ndinati, "Iwe, mutu wako ukuyenda? Chinthu chinadya bambo ako, iwe ukukachiika mano atsopano?"

Anaseka. "Mayi, n'chifukwa chake ndavomera. Injini iyi sifuna munthu kutsogolo. Palibenso amene adzaime pamene ankaima bambo."

"Palibenso?"

"Ntchito imene ija yatha, mayi."

"Wawauza?" Sindikudziwa chimene ndinafunsira choncho. Mawuwo anangotuluka okha.

"Ndani?"

"Palibe. Imwa madziwo uzipita, ukundinunkhitsira pakhomo."

Anaitulutsa injini yakale ndi matcheni, ili ndi zisa za mbewa ndi tiana take tofiira, n'kuikhazika pakona. Mthiko wathabwa uja anaupachika pakhoma. Yatsopano inalowa, ndipo pamphuno anamangapo mthiko wina wachitsulo, m'mphepete mwake ngati chikwanje chonola.

Zinayamba pang'onopang'ono. Fanuwelo akamaweruka ankausiya mthiko uli chopingasa kuti asagundepo mutu. M'mawa ankaupeza uli chopendekeka, mbali imodzi m'mwamba, pamene dzanja la munthu woimirira lingafikire bwino. Anati mwina ndi mlonda. Mlonda analumbira kuti m'shedimo salowa, ndipo galu wake yemwe akafika pamenepo amakhala pansi n'kukana kuyenda.

Sabata yotsatira anapeza sitata ili lendelende pa waya. Mabawuti ake anali atamasulidwa onse, atapukutidwa, atandandalikidwa pa kansanza pansi pa phiko, kuyambira lalikulu mpaka laling'ono. Wakuba amaba, samapukuta. Anamanganso. Mawa lake chimodzimodzi. Batire akaitchaja madzulo, m'mawa inali itafa, yozizira ngati mwala wa mumtsinje. Zimenezi Fanuwelo sanandiuze, anandiuza ndi mkazi wake ku mjigo, akuseka. Ine sindinaseke. Mabawuti pa kansanza, lalikulu mpaka laling'ono. Ndinasesapo mabawuti oterowo pakhonde langa zaka makumi awiri ndi zisanu.

Kenaka kunabwera Esinati wa kwa a Likoswe, wothyola tiyi. Anakhala pansi apo, dengu likadali kumsana.

"Agogo, ndikufunseni. Pa esiteti alembanso munthu wa mkono umodzi?"

"Ine ndine kapitawo?"

"Ayi, koma ndakumana nawo kawiri, cha m'ma sikisi, nkhungu isanachoke. Ali pa msewu wa kubwalo la ndege. Ovolosi ya khaki, ija yakale ya mabatani. Dzanja la malaya lamanja likungolendewera."

"Anati chiyani?"

"Anati, 'Bwana wafika?' Ine ndinati sindikudziwa. Anati, 'Tichedwa, mitambo itseka phiri.' Basi n'kudutsa."

"Nkhope?"

Anadzikanda pakhosi. "Nkhope sindinaione bwino. Ukamaiyang'ana maso amachita ngati mwalowa utsi. Koma fungo, agogo! Oyilo wopserera, ndiye pansi pake pali lina. Ngati mwafukula dzenje la zinyalala nthawi ya mvula. Ndinasanza m'tiyi."

Ndinamupatsa nthochi azipita. Nditatsala ndekha sindinachite mantha ayi. Ndinanyansidwa. Munthu wagona m'manda zaka zonsezi, mkazi wake ali pano, ana ake ali pano, adzukulu anabadwa osamuona. Sanabwerepo ndi kumaloto komwe kudzafunsa kuti mukudya chiyani. Koma amve kuti wina wakhudza chibwenzi chake cha nsalu, dzandi! Wadzuka, wavala nsapato, ali pamsewu.

Lachitatu masana dzuwa lili paliwombo, Fanuwelo anatulukira pano atagwira khutu, magazi akutsikira m'khosi. Kwa mkazi wake sanapite, anachita manyazi. Ndinamukhazika pa mtondo, kutenthetsa madzi a mchere. Khutu linali litang'ambika nsonga. Nditamuvula ovolosi ndinaona kuti yachekeka paphewa, mzere woongoka ngati wa lumo, khungu n'kungokalika pang'ono. Phewa lamanja.

"Chakutema n'chiyani?"

"Ndinagunda chitseko cha shedi."

Ndinamufinya khutulo. Anakuwa ngati mwana.

"Ndinakubereka ndine. Chakutema n'chiyani?"

"Pulopela, mayi." Mawu anatsika. "Batire inali pansi. Mawaya a moto ndinali nditachotsa ndekha. Mphepo kunalibe, chitseko chotseka. Ndinawerama kuti ndione paipi ya oyilo, ndiye inangotembenuka. Osati kugwedera ayi. Kukokedwa."

"Sunamve kanthu?"

Ntchentche inazungulira pa bala.

"Fanuwelo."

"Ndinamva. Pafupi ndi khutu lomweli. Motsitsa, ngati munthu wodikira. Anati, 'Kontaki.'"

"Unayankha?"

"Ayi."

"Ukanayankha bwenzi pano tikumanga chisakasa cha maliro. Ndiye mawa ukamuuze Kolini wakoyo kuti ntchitoyi wasiya."

"Sindingasiye, mayi. Lachisanu tikuiliza koyamba. Bwana adzakhala m'kati, ine ndiyenera kuima pafupi ndi mphuno, kuona ngati oyilo akudontha. Ndamanga ndine. Ndikathawa, anthu a pa galaja adzandiona bwanji?"

"Adzakuona uli ndi mikono iwiri, chitsiru iwe."

"Koma bambo angandipweteke ine? Mwana wawo?"

"Bambo ako sanakuone tsiku lomwe unabadwa, ndiye akuone lero? Sakuona mwana. Akuona munthu waima pamalo pawo."

Anavala ovolosi yake yochekekayo n'kumapita. Magazi a Makwiti. Ukamawauza chinthu uli ngati ukuuza chitsa.

Lachisanu ndinadzuka tambala wachiwiri atalira, ndinasamba, kuvala chitenje cha kutchalitchi ndi duku loyera. Sindinafune mzungu aone ngati kwabwera wopemphetsa. Ndinadutsa m'tiyi ndi ndodo yanga. Nkhungu inali mbuu, mbalame zii. Pamene ndinkafika kubwalo kunali kutayera, kandege atakatulutsa kale pa udzu, katapakidwa utoto watsopano, kachikasu ngati dzira lovunda. Fungo lija linandilandira ndisanafike n'komwe. Ndinatseka mphuno ndi duku.

Kolini anali ataika kale mwendo umodzi m'kati. Fanuwelo ali pambali pa mphuno, tochi m'manja.

"Tsika!" ndinakuwa. "Iwe mdzukulu wa Chitedze, tsika pansi!"

Fanuwelo anagwira kumutu. "Mayi, chonde, ndi bwana awa."

"Ndi bwana wako. Ine sanandilembepo ntchito."

Kolini anatsika, anavula chipewa. Ulemu ali nawo, zimenezo sindingamunamizire. "Agogo, mwadzuka bwanji? Kwagwanji?"

"Ndadzuka. Agogo ako anamuchotsa ntchito Jailosi Makwiti?"

"A Makwiti? Si anamwalira ine ndili mwana?"

"Sindinafunse za kumwalira. Anamuuza kuti ntchito yake yatha?"

Anayang'ana Fanuwelo. Fanuwelo anayang'ana nsapato zake.

"Kachitsulo kawo sikanabwere ku ofesi," ndinatero. "Kali m'manda. Amene anakaika mmenemo ndine, ndipo zimenezo si zako. Zako ndi mawu. Esiteti ndi yako tsopano, ndiye uwanene."

"Agogo, ine zinthu izi... ndilankhula ndi ndani?"

"Yang'ana pansi."

Udzu wonse unali woyera ndi mame. Koma kutsogolo kwa mthiko, sitepe imodzi kuchokera pamene Fanuwelo anaima, panali malo awiri akuda pamene udzu unagona. Mapazi awiri, lamanzere kutsogolo, lamanja kumbuyo, mmene amaimira munthu wofuna kukoka n'kudumpha. Panalibe mapazi obwera. Panalibe opita. Tikuyang'ana choncho, lakumbuyo linamira pang'ono, ngati munthu wasintha polemerera. Mthiko unalira, kweee, n'kutsika kotalika ngati chala.

"Fanuwelo, bwerera kumbuyo," ndinatero. Ulendo uno anamva.

Nkhope ya Kolini inasanduka ngati ufa. Anafinya chipewa pachifuwa, n'kuyang'ana pamwamba pa mapaziwo, pamene pakanakhala mutu wa munthu.

"A Makwiti," anatero. "Ndine Kolini. Agogo anga anamwalira. Mwagwira ntchito yabwino. Koma injini iyi imadzuka yokha. Ntchito yanu yatha. Pitani bwino."

Mthiko unabwerera m'mwamba pang'onopang'ono, ngati dzanja lausiya. Ndinapuma. Ndinati zatha.

Koma mapazi sanachoke.

Tinadikira. Nkhungu inayamba kukwera phiri, dzuwa n'kutulukira. Mapazi ali pomwepo. Anangotembenuka pang'ono, kuloza kushedi, kenako kuphiri, kenako kubwereranso ku mthiko. Fungo linakula mpaka Kolini anatsokomola. Ndiye lamanzere linasendera kutsogolo, pafupi ndi mthiko wachitsulo uja.

"Sakupita," Kolini ananong'ona.

"Apita kuti, bwana?" anatero Fanuwelo, misozi ili m'maso. "Kwawo ku Phalombe kunatha, alongo awo onse anamwalira, pabwinja anthu analimapo. Malo amene amadziwa ndi ano."

Ndinamuyang'ana mwana wanga, khutu lomata pulasitala, mikono yake iwiri ili lende. Ndinadziwa kuti lero angapulumuke, koma ndegeyi idzafuna kuthiridwa oyilo mwezi wamawa, ndi mwezi winawo, ndipo wowerama pamphuno pake adzakhala yemweyu. Ndinadziwanso chotsala. Woti awachotse pamenepo ndinali ine. Ine anandisudzula. Pamaso pa anthu, mwambo wonse unachitika. Panalibe wondikakamiza.

Ndinachotsa duku pamphuno.

"Bambo a Fanuwelo," ndinatero. "Mwamva. Akuchotsani. Kabatani kakang'ono ngati nsawawa kakulandani ntchito, ndiye muime pamenepo ngati mbuzi yosokera mpaka liti? Mukufuna mudye mwana wanu yemwe? Manyazi mulibe? Chinsalu ichi sichinakuphikireni ndi tsiku limodzi. Chinakudulani mkono n'kukagona m'shedi osalira." Ndinaloza njira ndi ndodo. "Tiyeni kunyumba. Koma munditsate pambuyo, patali. Ndipo musandikhudze."

Ndinatembenuka n'kuyamba kuyenda. Fanuwelo anaitana, "Mayi!" Sindinacheuke. Nditafika pamene tiyi amayambira ndinamva kumbuyoko kandege kakukhosomola kamodzi, kenako kubangula, mawu ena achilendo, osalala, osati phu phu phu wakale uja. Anthu a pa galaja anaimba m'manja. Ine chimene ndinkamvetsera ndi china. Pansi pa phokoso lonselo, masitepe khumi kumbuyo kwanga, jombo zonyowa. Chwa. Chwa. Ndikaima, zimaima. Azimayi othyola tiyi amene ndinakumana nawo anandipatsa moni, kenako n'kupatukira m'tiyi atagwira pakamwa.

Ndegeyo imauluka mpaka lero. Imadutsa pamwamba pano Lamlungu, inu n'kumaithamangira ngati simunabadwe bwino. Malume anu sanakalikenso ndi kamodzi komwe, mikono yawo ndi iyo mumaiona ikunyamula zidzukulu.

Koma mwamuna wopanda ntchito mumamudziwa inu? Sapita kulikonse. Amangokhala pakhomo.

M'nyumba ndinawaletsa, ndipo salowa. Malo awo ndi pakhonde pano, kudzanja lamanzere la chitseko. Salankhula. Nkhuku sizidutsapo. Agogo anuwo kale ankatafuna fodya wa chingambwe, n'kumalavulira pakhoma, tsaa, malovu akuda otsika ngati phula. Ndinkati chimenecho chokha manda anandichotsera. Tsiku lotsatira nditatuluka ndi tsache, ndinapeza pakhoma langa loyera pali mzere wakuda, wonyowa, ukutsikabe. Ndinazira. Mawa lake unalipo wina. Chaka chino n'chachinayi, ndimazira m'mawa uliwonse, ndipo ndikamazira ndimawatukwana, iwo n'kumangomvera, chimene sanachitepo ali moyo.

Ndiye iwe Yankho, kuyambira pamene ndayamba kulankhula ukungodzikanda phewa n'kumasuzumira kumbuyo. Tenga mbale yakoyo usendere kuno. Wawakhalira pa mwendo.